Njinga ya Mnzako Ikafera Panjira

 Nkhani yathu ya lero ndi ya njinga yopalasa, makamaka funso limodzi limene wokwera njinga aliyense amakumana nalo tsiku lina. Kodi ukapeza munthu ataima pambali pa msewu, njinga yake itafa, kapena iye mwini atagwa, uyenera kuima kapena kupitirira?

Funsoli limaoneka lopepuka tikakhala phee kunyumba pafupi ndi wailesi. Koma munthu amene ali paulendo amakhala ndi chomuthamangitsa. Wina wamangirira matumba a chimanga pakaliyala ndipo afuna kufika kumsika ogula asanabalalike. Wina ndi wa kabaza, ndipo akaima ndiye kuti ndalama ikumudutsa. Wina akupikisana ndi dzuŵa limene lapendeka kale. Kuima kuli ndi mtengo wake. Nchifukwa chake ndifuna kuti tiyambe ndi anthu amene akaima amataya zambiri koposa, ndiwo akatswiri a mpikisano wa njinga a ku Ulaya, tione chimene anachita pamene funsoli linaŵagwera.

Mpikisano wa njinga wotchuka pa dziko lonse ndi wa ku France, wotchedwa Tour de France. Unayamba m'chaka cha 1903, ndipo anauyambitsa ndi eni nyuzipepala ya L'Auto, imene mkonzi wake anali Henri Desgrange. Masiku ano mpikisanowu umatenga milungu itatu, ndipo opalasa amadutsa m'zidikha ndi kukwera mapiri aatali a Alps ndi Pyrenees. Desgrange anali munthu wosapindika pa malamulo. Iye ankakhulupirira kuti mpikisano uyenera kuyesa mphamvu za munthu payekha, kotero kuti m'zaka zoyambirirazo panali lamulo lakuti njinga ikawonongeka, mwini wake aikonze ndi manja ake, popanda womuthandiza.

M'chaka cha 1913, Eugène Christophe wa ku France anali mmodzi wa anthu amene ambiri ankayembekezera kuti apambana. Tsiku lina anakwera phiri la Tourmalet, kumene msewu umafika pa mamita 2,115, ndiko kuti pamwamba pang'ono kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Akutsetsereka kuseri kwake, foloko ya njinga inathyoka. Iye anasenza njingayo papheŵa, nayenda pansi makilomita pafupifupi 10 kufikira m'mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, m'mene munali chipala cha wosula zitsulo. Wosulayo akadatha kugwira ntchitoyo, koma oyang'anira mpikisano anaimirira pomwepo kuti aone ngati lamulo likusungidwa. Christophe anatenga nyundo yekha. Komatu munthu ali ndi manja aŵiri okha: limodzi linagwira chitsulo, lina nyundo. Nanga mvukuto agwire ndani? Mnyamata wina wamng'ono wa m'mudzimo anamufukutira moto. Chifukwa cha chithandizo chaching'onocho, oyang'anira aja anamuwonjezera mphindi za chilango pamwamba pa maola pafupifupi anayi amene anali atataya kale. Chaka chimenecho anamaliza ali wachisanu ndi chiŵiri.

Lamulo limenelo linatha kalekale. Koma anthu a ku France sanaiŵale za tsikulo, ndipo pa nyumba imene inali chipalayo anaikapo chikwangwani cha chikumbutso. Tikaganiza bwino, nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti ngakhale pamene lamulo linkaletsa, mwana wamng'ono sanathe kungoyang'ana mlendo akuvutika ndi moto. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe lamulo limene lingasinthe zimenezo.

Kuyambira mu 1930, opikisana anayamba kupalasa m'magulu a maiko awo, ndipo a gulu limodzi ankathandizana. Mu 1934 gulu la France linali ndi mtsogoleri wake, Antonin Magne, amene anali patsogolo pa onse ndipo anali atavala malaya achikasu, chizindikiro cha wotsogola. M'gulu lomwelo munali mnyamata wa zaka 20, René Vietto, amene ankakwera mapiri mwaliŵiro lodabwitsa. Akutsika phiri la Puymorens, Magne anagwa ndipo gudumu lake lakutsogolo linaphwanyika. Vietto anaima, namasula gudumu lake, nalipereka. Wojambula wina anamujambula atakhala pakhoma la m'mbali mwa msewu akulira, njinga yake ili yopanda gudumu, akudikira galimoto ya gulu lawo. M'maŵa mwake, pa mtsetse wa phiri la Portet d'Aspet, njinga ya Magne inawonongekanso. Ulendo uno Vietto anali patsogolo. Atamva uthengawo anatembenuka, nakweranso chitunda chimene anali atatsika kale, napereka njinga yake yonse. Magne anapambana mpikisano wa chaka chimenecho, ndipo Vietto anamaliza ali wachisanu. M'moyo wake wonse Vietto sanapambanepo Tour de France. Pamene anayandikira koposa ndi mu 1939, pomwe anali wachiŵiri.

Ndatchula zimenezi dala, omvera, kuti tisanamizane. Sikuti wothandiza mnzake amalandira mphotho nthaŵi zonse. Vietto anataya ndithu, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Wina anganenenso kuti mnyamatayo ankangomvera mwambo wa gulu lake. Nanga munthu amene ukupikisana naye? Mu 2022, pa mtsetse wa phiri la Spandelles, Tadej Pogačar wa ku Slovenia anaterereka pa kona nagwa. Jonas Vingegaard wa ku Denmark, amene ankalimbana naye pa malo oyamba, akadatha kupalasa mwamphamvu ndi kumusiya kutali. M'malo mwake anachepetsa liŵiro mpaka mnzakeyo anamupeza, ndipo aŵiriwo anagwirana chanza njinga zikuyenda. Palibe lamulo lolembedwa limene linamukakamiza. Ndi mwambo chabe wa opalasa njinga, wakuti kupambana chifukwa cha tsoka la mnzako si kupambana kokoma.

Onse amene ndatchulaŵa anathandiza okwera njinga anzawo. Koma panali wina amene anagwiritsa ntchito njinga yake populumutsa anthu amene ambiri mwa iwo sankaŵadziŵa nkomwe. Ameneyu ndi Gino Bartali wa ku Italy, wobadwa mu 1914 pafupi ndi mzinda wa Florence, amene anapambana Tour de France kaŵiri, mu 1938 ndi mu 1948. Pakati pa zaka zimenezi panagwa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse. Kuyambira mu September 1943, asilikali a Germany analanda dera lalikulu la Italy, ndipo anayamba kusaka Ayuda ndi kuŵatumiza kumisasa ya imfa. Kuti Myuda apulumuke ankafunika ziphaso zokhala ndi dzina lina. Malinga ndi umboni umene bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem linasonkhanitsa, Kadinala Elia Dalla Costa wa ku Florence anapempha Bartali kuti athandize, ndipo iye anavomera. Ankapinda zithunzi ndi mapepala naziloŵetsa m'mipope ya njinga yake, nkumayenda nazo maulendo aatali ngati munthu amene akungokonzekera mpikisano. Asilikali akamuimika ankamuzindikira, pakuti anali wotchuka, ndipo iye ankaŵapempha kuti asakhudze njingayo chifukwa zitsulo zake zinali zotcheredwa mosamala. Akadaimasula tsiku limodzi lokha, moyo wake ukadathera pomwepo. Nkhondo itatha sanafune kudzitama ndi zimene anachita. Anamwalira mu 2000, ndipo mu 2013 bungwe lija linamuika m'gulu la anthu a mitundu ina amene anaika moyo wawo pachiswe populumutsa Ayuda.

Tsopano tiyeni tibwerere kwathu kuno. Ife sitipalasira malaya achikasu, koma njinga ndiyo galimoto ya ambiri a ife. Ndiyo imene imanyamula zokolola, ana a sukulu, ndiponso odwala, pakuti m'midzi ina muli njinga zokoka kabedi ka odwala popita kuchipatala. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene tikusiyana nacho ndi akatswiri a masiku ano: kumbuyo kwathu kulibe galimoto yonyamula magudumu apadera. Pakati pa msika wina ndi unzake pangakhale mtunda wautali wopanda wokonza njinga. Pamenepo chiyembekezo cha munthu amene chubu chake chaphwa ndicho wokwera njinga wotsatira, ndiye inuyo.

Choyamba, mtima wofuna kuthandiza wopanda zipangizo sukupindula zambiri. Wokwera njinga wanzeru sanyamuka wopanda pampu, zigamba, guluu, sipanala ndi mphira zomangira katundu. Zinthu zimenezi nzopepuka, koma zapulumutsa anthu ambiri kugona panjira. Mukaima kuti mumate chubu cha mnzanu, musangomugwirira ntchitoyo iye akuyang'ana kumbali. Muonetseni kapezedwe ka pobooka, popopa chubu ndi kuchimiza m'madzi kuti muone pamene pakutuluka thovu, kapena kupaka malovu ngati madzi palibe. Muonetseni kuti pobookapo amayamba apala, kenaka napaka guluu ndi kudikira kuti aume pang'ono asanaike chigamba. Koposa zonse, mukumbutseni kupapasa m'kati mwa tayala, pakuti munga umene unaboola poyamba ukatsalira momwemo udzaboolanso asanafike patali. Wophunzitsidwa lero adzathandiza wina maŵa.

Chachiŵiri ndi cha ngozi, ndipo apa mpofunika kumvetsera bwino, chifukwa chifundo chopupuluma chingathe kupweteka munthu amene tifuna kumupulumutsa. Mukapeza wina atagwa kapena atagundidwa, yambani mwachenjeza magalimoto, poika nthambi pamsewu patali ndithu mbali zonse ziŵiri monga timachitira. Ngati akutaya magazi, tsinditsani pabalapo ndi nsalu yoyera ndipo musaleke msanga. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakutha kusuntha miyendo, musamudzutse ndipo musamukweze pakaliyala. Asasunthidwe pokhapokha ngati pamene wagonapo pali choopsa china. Munthu wokomoka asamwetsedwe madzi, chifukwa angatsamwe. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali mosamala, mutu ndi thupi zikuyendera pamodzi. Kenaka tumizani uthenga kuchipatala chapafupi ndi kupolisi.

Ndikudziŵa kuti ena amaopa kuima pa ngozi poganiza kuti mlandu ungaŵagwere, anthu nkumati ndiwo amugunda. Mankhwala a mantha ameneŵa si kuthaŵa ai, koma kuitana anthu. Fuulani, imikani odutsa, dziŵitsani a mfumu a mudzi wapafupi. Pamene pali maso ambiri, bodza silikhala ndi malo. Chimodzimodzinso usiku: nzoona kuti alipo achifwamba amene amanamizira kuvutika kuti akole wachifundo. Ngati muli nokha pamalo a zii ndipo mtima ukukayika, palibe amene angakudzudzuleni mukapanda kutsika panjinga. Koma musangopita kukagona. Palasani kufikira nyumba zoyamba, nenani chimene mwaona, ndipo mubwerere muli gulu. Kuchenjera ndi kuuma mtima nzinthu ziŵiri zosiyana.

Chachitatu ndi cha malipiro. Wokonza njinga amene wakhala pansi pa mtengo wa mango pamsika ali pantchito, ndipo ayenera kulandira ndalama yake. Koma iwe wapaulendo, ukabwereka mnzako pampu nkumulipiritsa chifukwa waona kuti alibe kothaŵira, wagulitsa chinthu chimene makolo athu sankagulitsa. Iwo ankati kupatsa nkuika. Pampu imene wabwereka mlendo pa Dedza, mwina udzaipeza m'manja mwa munthu wina pa Karonga tsiku limene tayala lako lidzaphwe.

Tisaiŵalenso oyenda pansi. Gogo amene akutsimphina ndi mtolo pamutu, kapena mayi amene wabereka mwana wotentha thupi akuthamangira kuchipatala, sadzakuimikani, chifukwa ulemu umaŵaletsa kupempha. Ndi udindo wa amene ali panjinga kuchepetsa liŵiro, kupereka moni, ndi kufunsa kuti, "Kodi mukuloŵera kuti, mayi?" Kwa mwana wodwala malungo, ola limodzi limene lapulumutsidwa panjira ndi chinthu chachikulu.

Bartali anaika moyo wake pachiswe, Vietto anataya mwaŵi wa ulemerero, koma kwa ambiri a ife chofunika ndi mphindi zochepa ndi chigamba chimodzi. Choncho musanagone usiku uno, yang'anani ngati pampu yanu ikugwira ntchito ndiponso ngati guluu sanaume. Paja akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako.

 Amene muli paulendo, yendani bwino. Amene muli pakhomo, tsalani bwino.