Kunena Zoona Pamaso



Nkhani yathu lero ili pa liu limodzi la Chigiriki, parrhesia, ndiko kunena zonse osabisa kanthu. Anthu a ku Athens ankatchula liuli pamene munthu wamng'ono aima pamaso pa wamkulu nanena choona, chikhalirecho akudziŵa kuti mauwo angampweteke mwini wake. Socrates anavutitsa akuluakulu ndi mafunso ake kufikira anamweruza kuti amwe chiphe m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe. Komatu amayi, ufulu wolankhula pa bwalo la Athens unali wa amuna okha. Akazi ndi akapolo analibe mau. Liu lomweli tilipezanso pa Machitidwe 4:13, pofotokoza kulimbika mtima kwa Petro ndi Yohane, anthu osaphunzira, pamaso pa akulu a ansembe.

Kuno kwathu tinaziona ndi maso. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inaŵerengedwa m'matchalitchi ao m'Malaŵi monse, yonena za malipiro ochepa, za anthu omangidwa popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kupezeka nayo kalatayo ndi mlandu. Makina osindikizira a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege pa bwalo la Kamuzu. Nthaŵi imeneyo Mayi Vera Chirwa anali atakhala kale m'ndende zaka 10, ndipo anatuluka mu Januwale 1993. Ife ambiri tinkangonong'onezana ku msika, tikucheukacheuka.

Tisasokoneze zimenezi ndi miseche, pakuti miseche tiidziŵa bwino. Wamiseche alankhula kumbali, ndipo sataya kanthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo khutulo alitsina mwini wake ali pomwepo.

Kwa ife mayeso afika pa maliro. Lamulo la 2011 linaletsa kulanda chuma cha masiye, ndipo wolanda angathe kuzengedwa mlandu. Komabe timaona achibale a mwamuna akuŵerenga mipando, makina osokera ndi makiyi a nyumba, mtembo usanatuluke n'komwe. Mayi wamasiye sangayankhe, ali pa mphasa kulira. Amene angathe kuitana mwinimbumba pambali ndi kumuuza maso ndi maso kuti nyumbayi ndi ya ana, ndife ovala yunifolomu, amene pa nthaŵi imeneyo tili kuseri kwa nyumba kusonkhezera moto wa nsima.