Mantha Akakana Kuchoka

Pa chikondwerero chathuchi ndapemphedwa kukamba nkhani imene timaizemba kawirikawiri.

Ambiri muno munaona zoopsa. Ena munalipo mu May 2008 pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinayamba ku Alexandra, anthu oposa 60 n'kuphedwa. Ena munathawa ku Durban mu April 2015. Enanso munalozedwa mfuti mukuchokera kuntchito. Kwa ambiri, mantha amazilala okha pakapita masabata. Koma akapitirira mwezi, munthu akulotabe zomwezo, akudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, akulambalala msewu umene zinachitikira, madokotala amayamba kuganizira za PTSD.

Chimene chimawadyetsa manthawo ndi kuzembako. Mukasiya kukwera taxi, tsiku limenelo mtima umakhala m'malo, ndiye ubongo umati, "Eya, tapulumuka chifukwa sitinapiteko." Mawa lake mantha akula. Kenako mwasiya kupita kushopu, mwasiya shifiti ya usiku, mwinanso kutchalitchi kuno.

Pali thandizo lotchedwa prolonged exposure, limene anakonza Edna Foa ndi anzake ku America. Mumakumana ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino ka 8 mpaka ka 15, nthawi zambiri kamodzi pa sabata. Mumalemba naye zinthu zonse zimene mukuzemba, n'kuyamba ndi chopepuka, monga kuima pafupi ndi renki ya taxi masana muli ndi mnzanu. Mtima ukagunda simuthawa ayi, mumakhalabe pomwepo mpaka thupi lione lokha kuti palibe chachitika. Malo amene ndi oopsadi sakutumizaniko. Mbali yovuta ndi yofotokoza zimene zinachitikazo mobwerezabwereza, kujambula mawu anu n'kumakamvetsera kunyumba. Zimawawa poyamba, ndisakunamizeni, ndipo pamenepa m'pamene ena amafuna kusiya.

Tsono ife a mpingo. Timakonda kunena kuti, "Iwalani, zinapita, ingopempherani." Timanena mwachikondi, koma kuiwalako n'kumene munthuyo wakhala akuyesa, ndipo kukukanika. Tipemphere naye ndithu, komanso timuperekeze kukiliniki, timuthandize kuimbira foni a SADAG, tikaime naye parenki paja ngati mlangizi wake wavomereza. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha, makamaka kwa atsogoleri a magulu a mapemphero: tisamukakamize kuima kutsogolo kupereka umboni wa zimene zinamuchitikira. Nkhani imeneyo ayambe kuifotokoza kwa mlangizi, m'chipinda chotseka.