GASI WOPHIKIRA NDI MITENGO YA KU LIRANGWE

Mau okambidwa pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi ku Lirangwe.

Munthu ali yense woima pa mseu wa ku Lirangwe m'mamawa amaona njinga zitasenza matumba a makala, zocokera ca ku Zalewa kulinga ku Lunzu ndi ku Blantyre. Makala onsewo anali mitengo. Tsono anthu ambiri amva pa wailesi kuti ku Mozambique kunapezeka gasi wocuruka, ndipo alikufunsa ngati gasi ameneyo adzalowa m'malo mwa makala. Poyankha funsoli kuyenera kudziwa poyamba kuti gasi alipo wa mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndiwo gasi wa pansi pa nthaka, amene amaturuka m'zitsime zakuya zoboola ndi makina. Ku Pande ndi ku Temane, m'cigawo ca Inhambane, gasi wotere wakhala akuyenda m'mpope wa makilomita 865 kunka ku Secunda m'dziko la South Africa kuyambira 2004. M'caka ca 2010 anapeza winanso pansi pa nyanja ya mcere, kufupi ndi kumene mtsinje wa Rovuma umathira. Ogula ace ali kutsidya kwa nyanja kumene mpope sungafike. Cifukwa cace eni nchito amamziziritsa kufikira madigiri 162 pansi pa ziro, ndipo amasanduka ngati madzi, kotero kuti gasi wodzaza nkhokwe 600 amakwana m'nkhokwe imodzi. Atatero amampakira m'sitima.

Sitima yoyamba inanyamuka m'mwezi wa Novembala 2022 pa Coral Sul, ndiyo fakitale yoyandama pa nyanja. M'caka comweco maiko a ku Ulaya anayamba kugula gasi wa m'sitima kwambiri, popeza nkhondo ya Russia ndi Ukraine inacepetsa gasi wa m'mipope. Malonda amenewa ngakuru, koma ali ndi mabvuto ace: nchito yomanga fakitale ina pafupi ndi Palma inaima mu 2021 zigawenga zitathira nkhondo tauniyo. Ndiponso gasi wa m'sitima amanka kwa maiko olipira ndarama zambiri, safika pa mafuwa a ku Lirangwe ai. Akale anati, fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Mtundu waciwiri ndiwo gasi wophikira wa m'mabotolo acitsulo, amene pa Cingerezi amati LPG. Uyu amapatulidwa poyenga mafuta a galimoto ndi poyeretsa gasi wa pansi pa nthaka. Safuna kuzizira kwakukuru. Akangopanikizidwa m'botolo amakhala ngati madzi. Dziko la Malawi liribe citsime ca gasi kapena fakitale yoyenga mafuta, motero gasi yense wophikira amabwera kucokera kunja, wogulidwa ndi ndarama zakunja. Mtengo wace umaikidwa ndi bungwe la MERA. Kwaca ikagwa, monga inagwera ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, katundu yense wocokera kunja amakwera mtengo, ndi gasi yemwe.

Ngakhale ziri conco, Boma lifuna kuti anthu ambiri aziphikira gasi. M'caka ca 2017 linaturutsa ndondomeko ya zaka khumi ya za makala, imene inanena kuti mabanja 97 mwa 100 amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2019 linacotsa msonkho wa VAT pa gasi wophikira ndi mabotolo ace, ndipo mu 2020 linakuza zilango za ootca makala opanda cilolezo. Makala ambiri amathera m'tauni. Banja la ku Ndirande kapena ku Bangwe likayamba kuphikira gasi, mitengo imene ikupulumuka ndi ya kumidzi. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka ya m'minda ndi kuitsitsira m'Shire, ndipo matopewo amasokoneza makina a magetsi ku Nkula.

Nanga anthu a m'midzi acite ciani? Kugula botolo ndi mbaula yace kumafuna ndarama zambiri nthawi imodzi, ndipo mabanja oceperapo okha angathe kutero tsopano, monga aphunzitsi, eni magolosale ndi ophika zakudya pa msika. Iwo ayenera kusunga malamulo awa. Botolo liziima ciriri pa malo opita mphepo, kutali ndi moto. Gasi uyu ngolemera kuposa mpweya, ndipo akathawa amakhala pansi ngati madzi m'dzenje. Amamthira pfungo loipa mwadala kuti azidziwika. Womva pfungolo atseke botolo, atsegule zitseko ndi mazenera, ndipo asayatse macesi. Pofuna kuona ngati paipi ikudontha, aipake thobvu la sopo. Mabotolo adzazidwe kwa ogulitsa obvomerezeka okha.

Mabanja ena onse angathe kuumba kapena kugula mbaula ya dothi ya Citetezo, imene imadya nkhuni zocepa kuposa mafuwa atatu. Abzalenso mitengo m'malire a minda, ndi kuleka zitsa kuti ziphukire.

Ootca makala nawo aganize bwino. Iwo sacita nchitoyi mwa cipongwe, koma pofuna cakudya ndi fizi ya ana. Komabe mitengo irikutha, lamulo lakhwima, ndipo ogula a m'tauni akazolowera gasi msika wa makala udzacepa pang'ono pang'ono. Mafumu ndi makomiti a nkhalango akhale nawo pansi tsopano lino, ndi kupatula malo a nkhalango ya mudzi mvula ya caka cino isanagwe. Aphunzitsi afotokozere ana a sukulu mitundu iwiri ya gasi, kuti nawonso akauze makolo ao.