Mau a Munthu Wamkulu pa Nthawi ya Mliri

Lero tikambirana za mphamvu ya mau a anthu otchuka pamene nthenda yagwa m'dziko.

Kale uthenga unkayenda ndi miyendo. Mfumu inkatuma mnyamata, ndipo anthu ankasonkhana pabwalo. Tsopano uthenga ukuyenda m'lamya za m'manja, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mau amene nduna, m'busa kapena woimba walankhula m'mawa ku Lilongwe, pofika madzulo amveka ku Nsanje ndi ku Chitipa. Anthu ambiri sayamba afunsa ngati mauwo ndi oona. Iwo amangoyang'ana amene wanena, ndipo akakhala munthu amene amamulemekeza, amakhulupirira.

Tiyeni tikumbukire mliri wa Covid-19, umene unapezeka koyamba m'Malawi pa 2 April 2020. Kwa anansi athu a ku Tanzania, mtsogoleri wao wa nthawi imeneyo, John Magufuli, ananena mu May 2020 kuti zipangizo zoyezera nthendayi nzosadalirika, pakuti zinaonetsa kachilombo ngakhale mwa mbuzi ndi m'papaya. Boma lake linaleka kulengeza chiwerengero cha odwala chitafika pa 509. Mu January 2021 anachenjezanso anthu ake za katemera wochokera kunja. Mau otere saima pa mtsinje wa Songwe kudikira chiphaso. Amawoloka m'lamya usiku womwewo. Iye anamwalira pa 17 March 2021, ndipo amene analowa m'malo mwake, mai Samia Suluhu Hassan, anabaitsa katemera anthu akuona pa 28 July chaka chomwecho. Dziko lomwelo, nthenda yomweyo, koma mau a pampando anasintha.

Kuno kwathu ambiri ankati nthendayi ndi ya azungu ndi anthu a m'tauni. Koma pa 12 January 2021 nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi nthenda yomweyo. Mbiriyo inafala m'kanthawi kochepa, ndipo amene ankaseka anakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika pa 5 March 2021. Mphekesera zinali zitafika kale. Ena ankati wobaitsa sadzabereka, ena ankati ndi chizindikiro cha 666. Nchifukwa chake pa 11 March a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anapinda malaya ku Zomba nabaitsa pamaso pa anthu, kuti aliyense aone chithunzicho. Pa 19 May Boma linatentha katemera wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha. Linatero poyera, nduna ya zaumoyo a Khumbize Chiponda ali pomwepo, kuti pasapezeke wonena kuti anthu akubaidwa mankhwala oonongeka.

Tsono inu mafumu, musaganize kuti anthu otchuka ndi a ku Lilongwe okha. M'mudzi mwanu munthu wotchuka ndinu. Mukapukusa mutu pamene mlangizi wa zaumoyo akulankhula, amai sadzabweretsa ana ku sikelo. Mukatumiza uthenga kwa anthu khumi, iwo adzati, "Wachokera kwa amfumu," ndipo bodza lija lidzavala dzina lanu.

Nanga muzitani uthenga wa matenda ukafika m'lamya mwanu?

Choyamba, funsani kuti wayamba nawo ndani. Mau ojambulidwa a munthu wosatchula dzina lake kapena chipatala chimene amagwirako ntchito, asiyeni pomwepo. Pa WhatsApp uthenga umene wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba pake. Timivi timeneto sitisonyeza kuti nkhaniyo ndi yoona. Timangosonyeza kuti yayenda kwambiri.

Chachiwiri, funsani ngati wolankhulayo akuidziwa ntchitoyo. Fodya wanu akagwidwa ndi matenda ku nazale simupita kwa woimba, mumapita kwa mlangizi wa zaulimi. Chimodzimodzinso thupi la mwana wanu. Munthu angathe kukhala katswiri wa mpira kapena wa ndale, koma osadziwa kanthu za mankhwala.

Chachitatu, dikirani tsiku limodzi musanatumize kwa wina. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku chipatala chaching'ono, mukawamvetse uthengawo. Akakuyankhani, itanitsani msonkhano, ndipo iwo afotokoze inu muli pambali pao.

Mu May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Koma miliri siitha. Kolera amene anayambira ku Machinga mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mvula ikadzayamba, ndipo azaumoyo akadzabwera ndi klorini wothira m'madzi kapena katemera wa ana, anthu anu adzayamba ayang'ana nkhope yanu. Khalani oyamba kutunga madziwo ndi kumwa, ndipo mdzukulu wanu akhale woyamba pa mzere.