Klorini ndi Masamba Ovunda m'Madzi Akumwa

Lero tikamba za fungo lija limamveka potsegula mpopi m'maŵa, fungo la mankhwala a klorini.

Mzinda wa Jersey City, ku America, unayamba kuthira klorini m'madzi ake tsiku ndi tsiku mu 1908, ndipo m'mizinda imene inatengera chitsanzo chake nthenda ya tayifodi inachepa zedi. Zinthu zinayenda motero kwa zaka zoposa 60. Koma mu 1974 katswiri wina wa ku Rotterdam, Johannes Rook, analengeza kuti m'madzi oyeretsedwa kale wapezamo klorofomu, mankhwala amene madokotala akale ankagonetsera odwala poŵachita opaleshoni. Sanachokere ku fakitale ayi. Anabadwira m'madzi momwemo. Klorini akakumana ndi zotsalira za masamba ovunda, udzu ndi ndere, amabala gulu la mankhwala otchedwa trihalomethanes, ndipo klorofomu ali m'gulu limeneli. Madzi akakhala ofunda, kapena akakhalitsa m'mapaipi, mankhwalaŵa amachuluka.

Kodi ngoopsa? Makoswe ndi mbeŵa zimene zinamwetsedwa klorofomu wambiri zinadwala khansa ya impso ndi ya chiŵindi. Mwa anthu, akatswiri akukayikira kuti kumwa madzi otere zaka zambirimbiri kungawonjezere khansa ya chikhodzodzo. N'chifukwa chake boma la America mu 1979 linaika malire a mamaikulogalamu 100 pa lita imodzi, ndipo mu 1998 linaŵatsitsa kufika pa 80.

Tsono pasapezeke wina wothamangira kutaya botolo lake la klorini. Khansayo, ngati ibwera, imabwera mwa apo ndi apo patapita zaka. Kolera amapha tsiku lomwelo. Mu 2022 ndi 2023 anatilanda abale oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Bungwe la zaumoyo la WHO limanenetsa kuti kupha tizilombo m'madzi kusafooketsedwe poopa mankhwala otsaliraŵa.

Nzeru yake n'kuchotsa zinyalala klorini asanathiridwe. Oyeretsa madzi a m'mizinda amayamba aŵadikhitsa ndi kuŵasefa, makamaka m'dzinja pamene mitsinje monga Shire yafiira ndi matope. Nanunso amayi kumudzi, madzi a kumtsinje muyambe mwaŵasiya adikhe, muŵasefe ndi nsalu yoyera, kenaka muthire klorini pa muyeso umene alangizi a zaumoyo anakuuzani, osapyola. Mukatero vundikirani ndowa, mudikire mphindi 30 ana asanamwe.