Tsiku langa likadzafika, adzandiyimbira ndani?

Komiti ya chikondwerero chino inandipempha kuti ndilankhulepo za utumiki wa nyimbo, poti ndakhala ndikutsogolera kwaya m'chiyanjano chathu. Ndiyamba ndi nkhani imodzi imene siichoka mumtima mwanga.

Mukukumbukira pamene tinataya mbale wathu uja m'nyengo yozizira. Tikudikira kuti thupi linyamuke kupita kumudzi, tinachezera kwa anamfedwa ku Silver Spring. Amayi anakhala pansi pabalaza monga timachitira kwathu, ndipo mayi wina wachikulire anayambitsa nyimbo. Akuluakulu tonse tinailandira osatsegula buku. Nditacheuka, ndinaona ana a malemuwo ali chete, maso ali pa foni. Poyamba ndinakhumudwa, kenaka ndinazindikira kuti ankafufuza mawu a nyimboyo pa intaneti kuti ayimbe nafe, koma sanawapeze. Pobwerera usiku umenewo, ndili pa I-495, ndinadzifunsa kuti tsiku langa likadzafika, adzandiyimbira ndani?

Tinene zoona abale, anawo sanalakwe. Ife ndi amene tinagawa mpingo. Akuluakulu tili ndi mabuku athu: ena Nyimbo za Mulungu, ena Khristu mu Nyimbo, a kumpoto Sumu za Ukhristu. Achinyamata ali ndi bandi yawo, kiyibodi, magitala ndi madiramu, ndipo amayimba za Chingerezi. Ana timawatumiza kuchipinda china chipembedzo chisanayambe n'komwe. Ndiye timadandaulirana. Akulu akuti madiramu akusokosa, achinyamata akuti nyimbo za m'buku zikukoka ngati ng'ombe yotopa. Inenso ndinaliyankhulapo dandaulo loyambalo, sindikana.

Koma mbiri ya kwathu inandichititsa manyazi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Loudon, komwe lero timati Embangweni, mmishonale Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo. Anthu monga Peter Thole, Mawelera Tembo ndi Charles Chinula anatenga mayimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka naikamo mawu a uthenga wabwino. Nyimbo zimene lero timati za makolo zinalinso zatsopano tsiku lina. Mu 1978 ku parishi ya Katolika ku Balaka kunabadwa Alleluya Band, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo m'menemo munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Anali achinyamata amene mpingo unawapatsa zida m'manja.

Palinso china chimene ambiri sitichidziwa. Mukatsegula buku la nyimbo la United Methodist la mu 1989, limene lili m'matchalitchi ambiri kuno ku Maryland ndi Virginia, mupezamo nyimbo ya Khirisimasi imene chuni chake chinatchedwa Blantyre. Ndi mayimbidwe a kwathu, amene mmishonale wa ku Scotland, Tom Colvin, anawatenga ku Malawi. Ndiye taganizani, anzathu a kuno akuyimba za kwathu, ife ana athu enieni sakuzidziwa.

Buku la 1 Mbiri, mutu 25, limatiuza kuti m'masiku a Davide panali oyimba ophunzitsidwa bwino okwana 288. Pogawa ntchito anachita maere onse pamodzi, wamkulu ndi wamng'ono, mphunzitsi ndi wophunzira. Atate ankayimba ndi ana awo. Kumeneko n'kumene ndikufuna tibwerere.

Ndikudziwa zovuta zathu. Kwathu kwaya imakumana masana aliwonse pansi pa mtengo, aliyense akuyenda pansi. Kuno wina ali ku Woodbridge, wina ku Laurel, wina ku Germantown. Wina watuluka shifiti ya usiku yosamalira okalamba, maso ali psuu. Chipinda chimene timapempheramo n'chobwereka, nthawi ikakwana eniake akufuna kutseka. Zonsezi n'zoona, koma pali zinthu zitatu zimene tingathe.

Choyamba, ana akhale ndi kwaya yawo, ndipo ayimbe pamaso pa mpingo kamodzi pamwezi. Akalakwitsa katchulidwe musaseke chonde. Mwana akasekedwa kamodzi pa Chichewa, sadzayesanso. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri, inu achinyamata a bandi, ndikukupemphani kuti mwezi uliwonse mutenge nyimbo imodzi ya m'buku, ya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, muikonze ndi zida zanu. Ife akulu tikulonjeza kuti sitikwinya nkhope. Nafenso mutiphunzitse imodzi ya zanu, tidzayesa ngakhale lilime likane.

Chachitatu, amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a Dorika, inu ndi amene mukusunga nyimbo zambiri pamtima, zina sizili m'buku lililonse. Tengani foni, jambulani mawu anu, tumizani pa gulu lathu la WhatsApp. Abambo muikepo tena ndi besi. Ife tidzalemba mawu ake, pansi pake n'kuikapo tanthauzo m'Chingerezi, kuti mwana adziwe chimene akuuza Mulungu. Munthu angathe kuphunzira mawu a alito ali mu Metro popita kuntchito, pofika Lamulungu kapena Sabata n'kungolumikiza.

Tayesapo kale pang'ono. Mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri anamvetsera nyimbo imene ndinamujambulira kwa sabata imodzi. Tsiku lina tikuyimbira foni agogo ake aakulu kumudzi, iye anangoiyambitsa. Mawu ena anawapotoza ndithu, koma mbali inayo gogo uja anailandira, ndipo anaimaliza onse awiri.

Tsono pepala lili pakhomopo, ndipo kwa inu amene mukuwerenga muli kutali, lembani dzina pa gulu lija. Sitikufunsa zaka zanu, sitikufunsanso ngati mawu anu ndi okoma. Pulakatisi yoyamba ya onse pamodzi ichitika tikangoweruka, ndipo makolo musathamangire kugalimoto, anawo muwasiye kaye kutsogolo kuno.

Ambuye adalitse chiyanjano chathu.