Ulendo wa ku Roma m'Chaka Choyera cha 2025: Mau a Katekista pa Chikondwerero cha Zaka 100 za Parokia Yathu



Akulu okonza chikondwererochi andipempha kuti ndilongosole za ulendo wa ku Roma umene tidayenda ife akatekista m'mwezi wa Setembro 2025. Ndavomera ndi mtima wonse, pakuti ulendowo udali wanu. Ndalama za njira zidachokera m'nkhokwe zanu: ena mudagulitsa mbatatesi, ena nyemba, ena nkhuku. Tsono wotumidwa akabwerera kumudzi ayenera kunena zimene adaona.

Chaka cha 2025 chidali Chaka Choyera, chimene timachitcha Jubileu. Mwambowu udayamba ndi Papa Bonifácio VIII mu 1300, ndipo tsopano umachitika pakapita zaka 25. Papa Francisco adatsekula Khomo Loyera usiku wa pa 24 Dezembro 2024, koma Mulungu adamuitana pa 21 Abril 2025, ndipo pa 8 Maio adasankhidwa Papa Leão XIV. Ndiye amene adalandira akatekista a maiko onse pa masiku awo, kuyambira pa 26 kufikira pa 28 Setembro.

Tidanyamuka ku Ulongwe m'mamawa pa galimoto, tidadinditsa mapasaporte pa malire a Calómuè, ndipo tidadzera ku Dedza kupita ku bwalo la ndege la Lilongwe. Ambiri a inu njira ya ku Dedza mukuidziwa, pakuti mudaiyenda pa miyendo m'zaka za nkhondo, mwana kumsana, mtolo kumutu. M'galimoto mwathu anthu adakhala chete pamene tidaoloka malirewo.

Ndege ikamanyamuka imathamanga pansi ndi mkokomo waukulu, makutu amatsekeka, ndipo posakhalitsa minda imaoneka ngati zigamba za pa nsalu. Patapita maola ngati 4 tidatera ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, kumene tidadikira ndege ina pakati pa anthu a mitundu yosiyanasiyana. Ndege yachiwiriyo idauluka usiku maola ngati 6, munthu atakhala pa mpando umodzi, miyendo ili yotupa, ndipo kusadache tidafika ku Fiumicino, bwalo la ndege la Roma. Motero ulendo wonse udatha usana umodzi ndi usiku umodzi. Ansembe amene adayambitsa mishoni za kuno adayenda masabata angapo pa sitima ya panyanja, kenaka masiku ambiri pa miyendo, ndipo ambiri a iwo sadabwererenso kwao.

Kuchokera ku bwalo la ndege, sitima ya panjanji idatifikitsa ku Termini, pakati pa mzinda, m'mphindi 32. Tsiku loyambalo tidaphunzira kukhala alendo. Nthawi ya pa wotchi idali yofanana ndi ya kuno, koma nyengo idali yosiyana: kuno dzuwa lidali kukulira, kumeneko chilimwe chawo chidali kutha. Chipwitikizi chimene tidaphunzira ku sukulu ya mishoni chidatithandiza, popeza chiyankhulo cha ku Italia ndi mbale wake: ife timati água, iwo amati acqua. Madziwo amatuluka usana ndi usiku m'mipope yachitsulo ya m'misewu, ndipo aliyense amamwa osalipira. Nsima kulibe, tidadya buledi ndi pasta, ndipo patapita masiku atatu aliyense adali kuilakalaka.

Tsiku lachiwiri tidapita ku San Pietro. Bwalo la patsogolo pa tchalitchi lazunguliridwa ndi mizati 284, ngati mikono iwiri yotambasuka. Pakati pake paimirira mwala umodzi wautali wochokera ku Ejipito, mwala wa mu Afrika mwathu. Kale udali m'bwalo la masewera la mfumu Nero, pafupi pomwepo, kumene Petulo Woyera adaphedwa, ndipo adausuntha kuuika pamene uli mu 1586. Tidayenda pa mzere pambuyo pa mtanda, tikupemphera, mpaka tidalowa pa Khomo Loyera. Tchalitchicho adayamba kuchimanga mu 1506 ndipo adachidalitsa mu 1626. Ndiye kuti ntchitoyo idatha zaka 120, kuposa zaka zonse za parokia yathu, ndipo amene adakumba maziko sadaone denga. Komatu nyumba yonseyo, ndi miyala yake yonyezimira, idamangidwa pamwamba pa manda a msodzi wa nsomba. Guwa la Papa lili pamwamba penipeni pa mandawo.

Tsiku lachitatu tidaona Colosseo, bwalo lalikulu limene lidatsekulidwa m'chaka cha 80, momwe anthu ngati 50,000 ankakhala kuonerera anzao akumenyana ndi zilombo kapena kuphana okhaokha. Mafumu amene adalimanga adatha, ndipo lero pamalopo pamachitika Njira ya Mtanda tsiku la Chisanu Choyera. Masana tidatuluka mu mzinda pa msewu wakale wa Via Appia ndi kutsikira m'manda a pansi pa nthaka a San Callisto. Tinjira take n'topapatiza, tozizira, totalika makilomita pafupifupi 20, ndipo m'makoma monse muli mapanga m'mene akhristu oyamba ankaika akufa awo, osauka ndi apapa pamodzi. Pa miyala adajambulapo nsomba, nkhunda ndi mbusa wosenza nkhosa. Zithunzi zimenezo zinkaphunzitsa chikhulupiriro kwa anthu osadziwa kuwerenga, monga momwe ife timachitira pansi pa mtengo. Madzulo tidagwada ku Santa Maria Maggiore, pa manda a Papa Francisco, amene adatiyendera kuno ku Mozambique mu 2019. Ndi mwala wosalala wolembedwa dzina lokha: Franciscus.

Malo amene adatikhudza koposa ndi aang'ono ndithu. Tidaoloka mtsinje wa Tevere kulowa m'dera la Trastevere, la tinjira tokhotakhota, ndipo tidaima pa khomo la nyumba yakale ya masisitere yotchedwa Sant'Egidio. Munthu wosadziwa angaipitirire. M'nyumba imeneyo ndimo m'mene nthumwi za boma ndi za Renamo zidayamba kukambirana mu Julho 1990, mothandizidwa ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Episkopi wa ku Beira, pamodzi ndi Andrea Riccardi, Bambo Matteo Zuppi ndi Mario Raffaelli. Adakambirana zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, kufikira pa 4 Outubro 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina mgwirizano wa mtendere mu mzinda womwewo wa Roma. Nthawi imeneyo ambiri a ife tidali m'misasa ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, makutu ali pa wailesi. Chifukwa cha zimene zidakambidwa kuseri kwa khomo limenelo, tidabwerera kudzafolera nyumba zathu ndi kutsekulanso matchalitchi. Mayi wina wa m'gulu mwathu adagwira chitsekocho ndi manja awiri, nalira.

Pafupi pomwepo, pa kachilumba ka mu Tevere, pali tchalitchi cha San Bartolomeo, chimene Papa João Paulo II adachipatula kuti chikhale chokumbukira amaritiri a masiku athu ano, ndipo a mu Afrika ali ndi guwa lawo. Pamenepo tidatchula maina a Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, amene adaphedwa ku Chapotera mu Outubro 1985, ndiponso tidakumbukira akatekista ndi mabanja awo amene adaphedwa ku Guiúa mu Março 1992. Lamulungu pa 28 Setembro tidachita Misa ndi Papa pa bwalo la San Pietro, ndipo mainawo adali m'mitima mwathu.

Abale anga, ulemerero wa Roma waima pa manda a mboni za Khristu, ndipo anthu a kumeneko adasunga mandawo ndi maina ake kwa zaka pafupifupi 2,000. Nafenso tili nazo mboni zathu: akatekista amene ankatsogolera mapemphero ku misasa popanda wansembe, amayi amene adabisa mabuku a ubatizo, akulu amene adaumba njerwa za tchalitchi chino. Ena a iwo manda awo ali m'tchire, ndipo odziwa maina awo akukalamba. Motero ndikupempha mphakati uliwonse kuti mvula isadagwe ukhale pansi ndi agogo ake, ulembe mainawo m'buku ndi kulipereka kwa Bambo Mfumu, ndiponso ulambule mandawo, kuti pa 2 Novembro tikawapempherere tonse pamodzi.

Mulungu akudalitseni nonse.